Kalata yotseguka kwa akuluakulu a chigawo cha Tete: wogundidwa ndi galimoto asamangolandira bokosi la maliro

Kwa olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, Mlembi wa Boma m'chigawo, mkulu wa apolisi a PRM, mkulu wa Procuradoria (ofesi ya oimira boma pa milandu), ndi atsogoleri a IPAJ (bungwe la boma lothandiza osowa ndalama pa milandu) ndi INATRO (bungwe loyang'anira za magalimoto a pamsewu) kuno ku Tete,

Takulonjerani ndi ulemu wonse, akuluakulu athu.

Talemba m'Chichewa mwadala, chifukwa anthu amene tikuwalankhulira ndi a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi kumtunda kwa Moatize, ndipo tikufuna kuti zomwe tikukuuzani inu nawonso azimve. Nkhani yake ndi ya munthu woyenda pansi amene wagundidwa ndi galimoto. Malamulo a dziko lino la Mozambique amamupatsa ufulu wolandira chipukuta misozi, ndipo ufuluwo unalembedwa kalekale. Koma umatayika m'masiku awiri kapena atatu oyambirira: pamalo a ngozi, pa tebulo la wapolisi, m'kaundula wa chipatala ndi pa mphasa ya maliro. Ambiri mwa malo amenewa ali m'manja mwanu, n'chifukwa chake tagwada kwa inu.

Mukudziwa mmene misewu yathu inakhalira. N7 imadutsa ku Changara, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize mpaka ku Zóbuè. N304 imapatuka pa Mussacama kukwera ku Ulónguè mpaka ku Calómuè, N9 imalowera ku Cassacatiza, ndipo N8 imabweretsa magalimoto a ku Zimbabwe kudzera pa Cuchamano. Misewu imeneyi imatumikira mayiko anayi, koma ndi yomweyo imene mwana amaoloka popita kusukulu, ndipo m'mphepete mwake ndimo amayi amayala mbatatesi, tomato ndi kabichi. Mlatho wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014, mathiraki olemera anapepukira mlatho wa Samora Machel, koma m'misika ya m'mbali mwa msewu sanachokemo.

Tiyambe ndi zomwe lamulo limanena, poti anthu ambiri amaganiza kuti wogundidwa amalipidwa pokhapokha dalaivala atapezeka wolakwa. Si choncho ayi. Código Civil, buku la malamulo okhudza milandu ya pakati pa anthu, pa ndime 483, imati wopweteka mnzake mwadala kapena mosasamala alipire. Koma ndime 503 imapitirira apo: amene akulamulira galimoto ndi kupindula nayo amayankha pa zovulala zochokera ku kuopsa kwa galimotoyo, ngakhale patapanda kupezeka cholakwa. Tayala likaphulika, mabuleki akakana, thiraki yoimikidwa ikagubuduka yokha pamtsetse, mwini wake alipire ndithu. Ndime yomweyo imati dalaivala woyendetsa galimoto ya bwana wake amayankha pa ngoziyo, kupatula ngati dalaivalayo wasonyeza kuti sanalakwe. Pa misewu yathu, pomwe mathiraki, machapa (maminibasi) ndi magalimoto a makampani amayendetsedwa ndi anthu olembedwa ntchito, mfundo imeneyi ndi yaikulu zedi: si mayi wothyoka mwendo amene ayenera kusenza mtolo wotsimikiza kuti dalaivala analakwa. Ndipo pa ndime 500, bwana amayankha limodzi ndi wantchito wake.

Kusiyana kulipo komabe. Pomwe palibe wolakwa, ndime 508 imaika malire a ndalama zolipira, pamene dalaivala akalakwa malirewo sagwira ntchito. Ndime 505 imamasula mwini galimoto ngati ngozi yachitika chifukwa cha wogundidwayo, ndipo ndime 570 imalola woweruza kuchepetsa chipukuta misozi ngati mbali zonse ziwiri zinalakwa. Ndime ziwiri zomalizazi ndizo wofunika kulipira amathamangira. Mawu ochepa chabe mu auto, lipoti la apolisi lofotokoza ngoziyo, akuti "anaoloka osayang'ana", angathe kufafaniza zonse.

Ndalama zolipira siziyenera kudalira thumba la dalaivala. Lamulo nambala 2/2003 linakhazikitsa kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro, yomwe anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi, yolipira anthu amene yawavulaza. Galimoto yakunja nayo imayenera kukhala ndi seguro yotere, ndipo zambiri zimagula pachipata polowa m'dziko. Ndiye kuti pa ngozi zambiri pamakhala kampani yomwe inalandira kale ndalama kuti idzalipire tsiku ngati limeneli likadzafika. Banja la wogundidwa kawirikawiri silidziwa n'komwe dzina la kampaniyo.

Pamalo a ngozi ndi pomwe mlandu umapambanira kapena kugwera. Umboni wake sugonera: mizere ya matayala pa phula, magalasi osweka, nsapato yomwe inavuka, malo amene munthu anagwera, malo amene galimoto inakaima. Mvula ikagwa, kapena magalimoto ena akadutsapo maola angapo, zonse zafufutika. Pamene mizereyo yaoneka, imanena zoona kuposa mboni. Galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino, pa phula louma, ikamayenda makilomita 30 pa ola imafuna pafupifupi mamita 5 kuti iime buleki ikapondedwa. Pa 60 imafuna pafupifupi mamita 20, ndipo pa 80 imafuna pafupifupi 35. Apa sitikuwerengera mtunda umene imayenda dalaivala asanaponde buleki, womwe pa 60 ndi pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi yokha. Thiraki yodzaza katundu imafuna mtunda woposa pamenepa. Código da Estrada ya mu 2011, buku la malamulo a pamsewu, imati m'malo okhala anthu galimoto yaing'ono isapitirire 60. Choncho wapolisi akayeza mzere wa mamita 35 pakati pa msika, wapeza kale chiyambi cha yankho. Akapanda kuyeza, mlandu umasanduka mawu a dalaivala okhaokha, poti mnzake wagona m'chipatala kapena wamwalira.

Tikupempha a Comandante, mkulu wa apolisi, kuti croquis, chojambula chosonyeza mmene ngozi inachitikira, chisamalembedwe ku ofesi pokumbukira, koma pamalopo, ndi tepi yoyezera m'manja. Pakhale zithunzi za pafoni zosonyeza kutsogolo kwa galimoto, msewu mbali zonse ziwiri ndi zikwangwani zomwe zilipo kapena kulibe. Dalaivala amuyeze mowa nthawi yomweyo, osati m'mawa mwake. Mboni zilembedwe maina ndi manambala a foni, ndipo zisakhale za m'galimotomo zokha: wogulitsa pa benchi, wokonza njinga ndi wa taxi-mota amene anali pa siteji ndiwo anaona bwino. Kumadera kumene wapolisi wa pamsewu amafika mochedwa chifukwa cha mtunda, wapolisi wa pa posito, nyakwawa kapena secretário wa m'mudzi aphunzitsidwe kuika zizindikiro ndi penti, ngakhale phulusa, pomwe mizere inayambira ndi pomwe inathera, asanasunthe kanthu. Wovulala yekha ndiye asadikiritsidwe kupita kuchipatala.

Pempho lathu lalikulu kuposa onse ndi laling'ono pa mtengo: pepala limodzi. Banja la wogundidwa lizilandira ku polisi, mwaulere, pasanathe masiku awiri, pepala lolembedwa m'Chipwitikizi, m'Chichewa ndi m'Chinyungwe. Pa pepalapo pakhale nambala ya auto, tsiku, nthawi ndi malo a ngozi, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala monga lilili pa carta yake (laisensi yoyendetsera galimoto), dzina la mwini galimoto monga lilili pa título de propriedade (chikalata cha umwini), dzina la kampani ya seguro, nambala ya apólice (pepala la seguro) ndi tsiku lomwe ikutha, kenako komwe kuli ofesi ya IPAJ yapafupi. Zonsezi wapolisi amazigwira kale m'manja akalanda mapepala a dalaivala. Chofunika ndi kungokopera. Pa thiraki palembedwe manambala awiri, ya mutu ndi ya ngolo, chifukwa amasiyana, ndipo nthawi zina eni ake amakhalanso osiyana. Anthu a pamsewu amaona nambala ya kumbuyo pamene thiraki ikuthawa, osadziwa kuti imeneyo ndi ya ngolo chabe. Popanda pepala limeneli, banja lochokera ku Domué kapena ku Furancungo limatha ndalama zoyendera kubwererabwerera ku ofesi, mpaka kugwa ulesi.

Kuchipatala kuli msampha wina umene anthu saudziwa. Kampani ya seguro siyang'ana bala, imayang'ana zolembedwa. Ngati m'kaundula mwalembedwa kuti wodwala "anagwa", kapena simunalembedwe chochititsa chilichonse, kulumikiza kuthyoka kwa fupa ndi galimotoyo kumavuta kwambiri patapita miyezi. Mawu akuti atropelamento, kutanthauza kugundidwa ndi galimoto, alembedwe tsiku loyamba, limodzi ndi nthawi imene munthuyo anafika. Wovulala asungenso guia, kalata ya apolisi yomutumiza kukapimidwa, zithunzi za X-ray, makalata omusamutsa kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku Ulónguè kapena ku Tete, ndi lisiti lililonse la mankhwala, ndodo zoyendera ndi thiransipoti. Ndipo amene wadzuka pamsewu n'kunena kuti "ndili bwino" apimidwebe. Magazi otayikira m'mutu kapena m'mimba amatha kuonekera patapita maola: mutu wowawa mosalekeza, kusanza, kusinza kosadziwika bwino, mimba youma. Dalaivala akangopereka ya sopo n'kupita, munthu n'kukomoka usiku, sipakhala auto, sipakhala nambala, sipakhala womufunsa.

Chinanso: kulumala sikuyezedwa sabata yoyamba. Fupa la ntchafu limatenga miyezi kuti ligwirane, ndipo pokhapokha litagwirana m'pamene dokotala angalembe ngati mwendo wafupika, bondo lauma kapena munthu sangathenso kulima. Lipoti lomaliza limenelo ndilo limakweza kapena kutsitsa chipukuta misozi. Wosaina kuti walandira zonse chikhakha chikadali kumwendo, wagulitsa mbewu isanamere. Lamulo lomwe limazindikira zimenezi: ndime 569 imati wovulala sakakamizidwa kutchula ndalama zenizeni poyamba, ndipo angawonjezere ngati mlandu uli mkati zaoneka kuti kuvulala n'kwakukulu. Ndime 565 imalolanso khoti kulamula kuti ndalama zina zilipidwe kaye pa zomwe zatsimikizika kale.

Tifike tsopano pa mphasa ya maliro, pomwe ufulu wambiri umakwiriridwa limodzi ndi malemu. Mwambo wathu ndi wabwino. Amene wachititsa imfa amabwera kudzapepesa, amagula bokosi, thumba la ufa, nyemba, nthawi zina mbuzi, ndi kupereka galimoto yonyamula thupi. Sitikutsutsa zimenezi, ndipo dalaivala wobwera pa maliro timamulemekeza kuposa wothawa. Vuto ndi kapepala kamene kamatsagana ndi chipepesocho. Kamalembedwa m'Chipwitikizi, kamatchedwa declaração kapena termo de quitação, ndipo kamanena kuti banja lalandira zonse, silidzafunanso kanthu. Wosaina kapena kudinda chala amakhala mwini mbumba, mutu uli balala, thupi lili m'nyumba, anthu ali pabwalo akudikira chakudya. Ndani angawerenge mawu a malamulo pa nthawi ngati imeneyo?

Chipepeso si chipukuta misozi. Ndime 495 imati ndalama za chipatala ndi za maliro ndi ngongole ya wochititsa ngozi kale, kotero bokosi lija si mphatso, ndi chiyambi chabe cha zomwe akuyenera kulipira. Pamwamba pake pali chakudya, zovala ndi sukulu ya ana zomwe malemu akanapereka zaka zonse zotsala, komanso chisoni cha banja chimene ndime 496 imati chilipidwe. Kusaina kotere kungathetsedwe ndi khoti pa ndime 282, ngati wina anadyera masuku pamutu anthu ali pa mavuto, koma njira yake ndi yotopetsa ndipo nthawi yake ndi yaifupi. Kuletsa kusaina n'kosavuta kuposa kumasula chosainidwa. Tikupempha kuti mulangize apolisi, mafumu, anyakwawa ndi makhoti a m'midzi kuti asamakhale mboni pa pepala lotseka mlandu mkati mwa maliro. Cholandiridwa chilembedwe momwe chilili: bokosi limodzi, ufa thumba limodzi, meticais zakutizakuti, "pothandiza maliro". Mawu akuti "zonse" asapezekepo. Mafumu adziwenso kuti mlandu wa imfa ya pamsewu ndi wa boma, ndipo kukhululuka kwa banja sikuutseka.

Pali funso lina lomwe limagawanitsa mabanja: ndalama ikabwera, alandire ndani? M'mabanja ambiri kuno, malume ndiye mwini mbumba ndipo ndiye amalankhula pa milandu. Udindo wake timaulemekeza. Koma ndime 496 inaika ndondomeko yakeyake: poyamba mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Iwowa akapanda kukhalapo m'pamene amabwera makolo, ndipo pamapeto abale a bere limodzi kapena ana awo. Malume alankhule, koma dzina lolembedwa pa ndalama likhale la namfedwa ndi ana. Maukwati ambiri akumudzi sanalembetsedwe ku Registo Civil, ndipo ena amagwiritsa ntchito zimenezi pokankhira mayi kunja. Lamulo la Banja la mu 2019 limazindikira mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi zaka zoposa zitatu ngati união de facto, ndipo ndime 495 imapatsanso ufulu iwo amene malemu ankawadyetsa. Chomwe chimagwetsa mlandu wotere ndi mapepala: certidão de óbito (chikalata cha imfa), zikalata za kubadwa za ana zosonyeza dzina la malemu, BI (chitupa cha unzika) ya namfedwa. Thupi likaikidwa m'manda imfa isanalembetsedwe, banja limadzazindikira mochedwa kuti kampani singatsegule nkhani popanda chikalata cha imfa. Imfa iliyonse ya pamsewu ili kale m'manja mwa apolisi ndi achipatala, ndiye kuilembetsa kusasiyidwe kwa mayi wofedwa yekha.

Kwa amene wapulumuka, kuwerengera zotayika kumafuna luso, chifukwa anthu athu ambiri salandira malipiro a pamwezi. Ndime 564 imati zilipidwe zonse ziwiri, zomwe zawonongeka ndi zomwe munthu akanapeza, ngakhale zam'tsogolo ngati zikuonekeratu. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato amene amapindula meticais 300 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi. Mwendo ukamugoneka miyezi 4, wataya meticais 31,200, tisanawerengere maulendo opita ku Tete kukaonedwa, chakudya cha wodwazika, ndi geni ya wodwazikayo yomwe yaima. Mlimi wogundidwa mu Novembala, mvula ikuyamba, sataya miyezi 4 yokha: wataya chaka chonse, chifukwa nyengo yobzala sibwerera. Zotere zimatsimikizika ndi kalata ya mfumu kapena ya mlangizi wa zaulimi yonena kukula kwa munda ndi zokolola za zaka zapita, mapepala ogulitsira fodya kapena soya, matikiti a msonkho wa pamsika, ndi mndandanda wa ndalama zolowa pa M-Pesa kapena e-Mola. Oimira anthu pa milandu aphunzire kusonkhanitsa umboni wa mtundu umenewu, chifukwa wosauka akalephera kusonyeza pepala la malipiro amawerengedwa ngati munthu amene sankapeza kanthu. Pomwe kulumala n'kwa moyo wonse, ndime 567 imalola kuti chipukuta misozi chiziperekedwa pang'onopang'ono ngati penshoni, zomwe zimateteza ana amasiye kuti ndalama isathe mwezi umodzi.

Nthawi nayo imadya ufulu mwakachetechete. Ndime 498 imapereka zaka 3 kuchokera tsiku limene wovulala anadziwa za ufulu wake, ndipo zimatalikirapo pokhapokha ngati ngoziyo ndi mlandu umene lamulo la milandu limaupatsa nthawi yotalika kuposa apo. Anthu amaganiza kuti akalembera kampani kalata, nthawi yaima. Siima. Imadulidwa ndi chisamani cha khoti, kapena wolipirayo akavomera ngongoleyo, monga zilili pa ndime 323 ndi 325. "Bwerani mwezi wa mawa" akanenedwa kokwanira, zaka zitatu zimakwana munthu akuyendabe. Kwa mwana wamng'ono, ndime 320 imasunga ufulu wake kufikira patatha chaka atakula pa malamulo, koma pofika pamenepo mboni zimakhala zitabalalika.

Apa m'pamene tikuyang'ana kwa a Procuradoria ndi a IPAJ. Ngozi yopha kapena yovulaza munthu imatsegulitsa mlandu, ndipo pempho la chipukuta misozi lingalowe m'mlandu womwewo, osadikira kutsegula wina wapadera. Koma pempholo limakhala ndi nthawi yake yoikika, ndipo munthu wosauzidwa sangalipereke. Zimachitika kuti dalaivala waweruzidwa, walipira faindi ku boma, banja n'kubwerera kumudzi likuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Woimira boma pa milandu aziuza wovulala kapena namfedwa, m'chinenero chake, pa tsiku loyamba lomwe wamuitana, kuti ali ndi ufulu wopempha, ndi tsiku lomaliza lopempherapo. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 62, amalonjeza kuti wosowa ndalama athandizidwe pa milandu, ndipo IPAJ inakhazikitsidwira zimenezo. Koma munthu wa chikhakha sangakwere chapa kukafuna ofesi. Wogwira ntchito ku IPAJ atamayendera mawodi a othyoka mafupa ku Tete ndi ku Ulónguè kamodzi pa sabata, n'kuthandiza pomwepo za atestado de pobreza (kalata yotsimikiza kuti munthu ndi wosauka), angapeze anthu amene sakanafika ku ofesi yake moyo wawo wonse.

Mathiraki akunja ali ndi vuto lawolawo. Kuchoka ku Moatize kukafika ku Zóbuè ndi makilomita pafupifupi 100, kotero thiraki yogunda munthu m'mawa imatha kukhala itaoloka chipata dzuwa lisanapendeke. Komatu chigawo chathu chili ndi mwayi: zipata zodutsa mathiraki n'zowerengeka, ndipo pa chilichonse galimoto yakunja imalembedwa polowa ndi potuluka. Posito ya apolisi ikalandira nambala, ngakhale theka lake pamodzi ndi mtundu wa galimoto ndi dzina lolembedwa pa chitseko, uthenga upite nthawi yomweyo ku Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano. Ndipo thiraki yakunja yomwe yagwidwa isamasulidwe mapepala ake a seguro asanakopedwe ndi kutsimikizidwa kuti ndi enieni komanso sanathe nthawi. Ikangotuluka popanda zimenezo, kuitsata ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare n'kosatheka kwa mlimi.

Tinene chilungamo kwa anthu athu omwe. Madalaivala ena amathawa chifukwa choipa mtima, koma ena amathawa poopa kumenyedwa kapena kuotcheredwa galimoto. Kusiya wovulala pamsewu ndi mlandu, ndipo woopa gulu ayenera kukadzipereka ku polisi yapafupi. Koma gulu lotentha galimoto limatentha umboni ndi mapepala a seguro, ndipo wotaya ndi wogundidwa yemweyo. Anthu amakwiya chonchi chifukwa sakhulupirira kuti galimoto ikachoka adzamvanso kanthu. Pepala limodzi lija litamafika m'manja mwa mabanja, mkwiyo umenewu ungachepe.

Otsala ndi iwo amene agundidwa ndi galimoto yosadziwika kapena yopanda seguro. Njinga zamoto zonyamula anthu ndi matxopela (za matayala atatu) zachuluka m'matauni ndi m'misika yathu, ndipo mnyamata woyendetsa njinga ya bwana wake alibe chuma choti khoti lilande. Apa a INATRO ndi apolisi ayang'ane seguro mwakhama lomwe amayang'anira carta, ndipo agwirizane ndi oyang'anira makampani a seguro, kuti wapolisi azitha kutsimikiza apólice pafoni ali pamsewu pomwepo, chifukwa pepala lachinyengo ndi lenileni zimafanana m'maso. Kwa ogundidwa ndi othawa, mayiko ena anapeza njira. Ku Portugal kuli Fundo de Garantia Automóvel, ndipo ku South Africa kuli Road Accident Fund yomwe ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta. Tikukupemphani, a Bwanamkubwa ndi a Mlembi wa Boma, kuti mukalankhule ku Maputo kuti thumba lotere likhale logwira ntchito ndi lofikirika, lokhala ndi khomo kuno ku Tete, osati lofuna kuti wolumala akwere basi ya ulendo wa masiku awiri.

Za kupewa sitinena zambiri, poti mukuzidziwa. Mahampu, mizere yoolokera ndi zikwangwani ziikidwe pomwe anthu amaolokeradi, pa misika ndi pa masukulu, ndipo a ANE, oyang'anira misewu, ndi makhonsolo apatule malo a msika kuti wogula asamaime pa phula. Ana aphunzitsidwe kuti pomwe palibe njira ya oyenda pansi aziyenda ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto, popeza kuno magalimoto amayenda kumanzere. Tatchula zimenezi pa chifukwa chimodzi chokhudza milandu: pomwe palibe mzere woolokera, n'kosayenera kuti auto inene kuti munthu "anaoloka pamalo osayenera".

Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa kale m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndipo m'maboma muli mawailesi a m'madera. Tikupempha kuti yankho lanu lidzere kumeneko, wapolisi wa pamsewu, woimira boma pa milandu ndi wa IPAJ atakhala pamodzi n'kumayankha mafoni a omvera. Mudzatiuzenso tsiku limene pepala la mabanja lija lidzayambe kuperekedwa, ndi maposito amene adzayambire. Ife tikuona kuti Moatize, Zóbuè ndi Ulónguè ndiwo oyenera kuyamba, ndipo ndife okonzeka kuthandiza kuliika m'Chichewa.

Ndife anu mwaulemu,

Ena mwa othandiza anthu pa zamalamulo ndi pa zaumoyo m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize